Foni ya Telala wa pa Muloza

Johannesburg,
14 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene a Joaquim,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Beatriz. Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti msana wayamba kundikumbutsa kuti ndakolopa nyumba za anthu nthawi yaitali.

A Mustafa, adalaivala amene amatinyamulira katundu aja, akupatsani kabokosi pamodzi ndi kalatayi. M'menemo muli foni yopalasa. Werengani kaye kalata musanaigwire, chifukwa ndimakudziwani, mungayambe kuimasula ngati makina osokera kuti muone zam'kati.

Achimwene, kuno atelala anasiya kukhala pakhonde kudikira kuti munthu adutse. Mayi amene amandisokera ine alibe ndi shopu yomwe. Akasoka chovala amangochijambula n'kuika pa Watsapu, anthu n'kumamufuna okha. Tsono inu, munthu amene munagwira makina titangothawa nkhondo ku Milange, mpaka lero mukuikabe zigamba pa mathalauza a akabaza pa Muloza. Zimandiwawa. Dzanja muli nalo, koma amene amalidziwa ndi anthu a pa boda pokha.

Kafoni ka mabatani kaja mukapumitse. Pezani munthu akuikireni Watsapu, muzijambula madiresi anu. Muzijambula masana, ndipo kumbuyo kusamaoneke nkhuku.

Mundiuze za denga lija ngati munakonza mvula isanayambe. Ine ndikusunga pang'onopang'ono kuti ndibwere pa Pasaka. Ndakhalitsa kuno, mwina pa Limbuli ndidzachita kufunsa njira.

Ndine mlongo wanu,
Esmeralda

Muloza, Mulanje,
18 Novembala 2018

Achemwali anga a Esmeralda,

Landirani moni kuchokera kwa mkulu wanu, amene masiku ano anthu a pa boda akumutchula kuti Bwana wa pa Intaneti. Ena amatero monyoza, koma ine ndimavomera onse. Tili bwino. Denga ndinakonza, likudontha malo ena atsopano.

Foni inafika. Obrigado. Mudabwa kuti ndikulembabe papepala. Zala zangazi zinakula ndi sizasi, ndikafuna kudina chilembo chimodzi ndimadina zitatu. Komanso foniyo ndi yamwano, ndikalemba Chichewa imandikonza n'kuikapo Chingerezi chake. Ndinalembera mayi wina kuti "diresi latha," iyo n'kutumiza kuti "dress later." Mayiyo anabwera atalusa, n'kupeza diresi lake lili pa hang'ala likumudikira.

Sabata yoyamba ndinajambula zithunzi zambiri, koma zonse zinali za mphuno yanga. Palibe anandiuza kuti foniyi ili ndi maso awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo. Chithunzi chimodzi chinapita kwa aliyense amene ndili ndi nambala yake, ndi Bambo Mfumu a kutchalitchi kwathu omwe. Iwo anayankha kuti, "Taiona, a Khoromana. Mulungu aidalitse."

Amene anandiombola ndi Mayi Janeti, aphunzitsi a pa pulayimale. Ndinawasokera diresi la chitenje cha kapulana chimene anakagula ku Milange, iwo n'kuvala, n'kundionetsa kajambulidwe kake. Achemwali, munanena zoona. Tsiku lomwelo foni inayamba kulira ngati mwana wanjala. Akundifuna a ku Limbuli, a ku Chitakale, a ku Luchenza, ndi a tsidya lija la boda ku Milange. Kale munthu wakutali ankakwera minibasi kawiri, kudzayezetsa ndi kudzatenga. Pano amangotumiza miyeso, ndalama n'kulipira pa foni, chovala n'kupatsira kondakitala. Nsalu nazo ndimafunsa mtengo ndili pompano, osati kuwoloka boda n'kukapeza zakwera. Masitayelo atsopano ndikuwaona asanafike n'ku Limbe komwe.

Ndalembetsa pakhoma la shopu ndi penti yofiira kuti TIMASOKA NDI PA FONI POMWE. Mkulu wina anaima n'kuwerenga, kenako analowa n'kupempha kuti aone pamene pamalowa ulusi.

A Chester, telala mnzanga wa patsidya la msewu uja, akuti zimenezi zidzandithera moipa. Ndawauza kuti nsanje imakalambitsa. Ine ndasiya zigamba, akabaza onse ndawatumiza kwa iwo.

Mukapeza tchaja ina munditumizire, iyi yayamba kufuna kuigwirizira ndi mwala.

Mkulu wanu,
Joaquim Khoromana

Muloza,
9 Disembala 2018

Alamu anga,

Muli bwanji kumeneko? Ine thupi lili bwino koma mtima ayi. Kalatayi ndapatsira a Mustafa mobisa, achimwene anu sakudziwa.

Sindikukudzudzulani, munagula foni ndi mtima wabwino. Koma mwandibweretsera mkazi mnzanga m'nyumba, woti amadya magetsi. Achimwene anu akudya akuyang'ana foni, akupita kubafa ndi foni. Munthu amene takhala naye zaka zonsezi osadziwa kuti ali ndi mano angati, pano amangosekerera yekha.

Lachitatu anaiiwala pampando. Ine kusukulu sindinapite patali koma kuwerenga ndimatha. Alamu, m'menemo mwadzaza akazi okhaokha. Atumiza zithunzi, wina wayang'ana kutsogolo, wina wapereka msana. Wina walemba kuti, "Mundigwire bwino m'chiuno, ulendo watha munandimasula kwambiri." Wina akuti, "Loweruka ndibwera, mwamuna wanga asadziwe mtengo." Ine ndinasokeredwapo zovala ndi bambo yemweyu, koma sindinamulembereko zoterezi.

Amene wanditsiriza ndi wina dzina lake Favour, wa ku Chonde. Kamtsikana koyera, ka mano a mpata. Kalemba kuti, "Amayi avomera. Tsiku ndi 27 Epulo. Ndadalira inu bambo, musandichititse manyazi." Achimwene anu n'kuyankha kuti, "Osadandaula, udzaoneka ngati mngelo." Ine pa ukwati wathu anandiuza kuti ndaoneka bwinoko.

Ndiye tsiku analikonza kale, amayi ake a mtsikana avomera, ine ndidzangomva nthungululu. Ndapita kwa ankhoswe athu a Simon, akuti tikhale pansi chikatha Chaka Chatsopano. Inu ndi amene amakumverani. Alankhuleni. Ngati ndatha ntchito andiuze, kwathu ku Limbuli munda ulipo.

Mukamabwera mundigulireko mafuta odzola aja a m'botolo lachikasu. Mwina nane ndiyereko.

Mlamu wanu,
Beatriz

Muloza,
3 Malichi 2019

Achemwali,

Moni. Ndakhala chete nthawi yaitali chifukwa cha ntchito ndi manyazi, koma makamaka ntchito. Muli bwanji? Kuno mvula ikugwa bwino, chimanga chabereka.

Mawu aukali amene munandijambulira pa foni mu Disembala aja ndinawamva. Sindinamve ndekha. Kutsitsa mawu sindinkadziwa, ndiye shopu yonse inamva kuti ndine tonde wokalamba, ndi osintha ndalama a panja omwe. Mpaka lero ndikamadutsa ena amalira ngati mbuzi.

Mlandu unakambidwa kwa a Simon. Anaika foni pa mphasa ngati mbuzi yogwidwa m'munda, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"'Mundigwire bwino m'chiuno.' A Khoromana, mukugwira ndani?"

Ine ndinati, "Ndi siketi, ankhoswe."

"Siketi imalemba makalata?"

Ndinalongosola mpaka kukhosi kuuma, koma ndikamalongosola m'pamene ndimaoneka wolakwa. Potsiriza a Simon anati tiimbire Favour yemweyo aliyense akumva. Anayankha ndi amayi ake. "Ndinu atelala? Ndiye velo ya mwanayu mwayamba? Akuchimuna akufunsa za malaya a operekeza." A Simon anavula magalasi n'kufunsa ngati nanenso ndimasoka majekete. Alamu anu sanapepese ndi pakamwa, koma madzulo ake tinadya nkhuku. Pano Favour akabwera kudzayeza amakhalira kucheza ndi iwo kukhitchini, ine ndi tepi yanga n'kumadikira panja.

Ukwati umenewu ndi ntchito yaikulu imene sindinaigwirepo: velo, madiresi a atsikana operekeza, malaya a anyamata, ndi zovala za makolo mbali zonse. Mtsikanayu akanatha kupita kwa atelala a ku Blantyre, koma anaona zithunzi zanga n'kusankha ine. Ndauza a Chester kawiri, kuopa kuti koyamba sanamve.

Tsono nkhani yabwino ndi iyi. Lachinayi anandiimbira bambo wina waulemu kwambiri, wa ku kampani ya mafoni ku Lilongwe. Anandipatsa moni ndi dzina langa lonse, la shopu lomwe. Anati aona kuti m'boma lonse la Mulanje ine ndili m'gulu la amalonda otsogola, ndiye andikweza kuti ndikhale pa Watsapu ya mabwana, ya bandulo yaulere chaka chonse. Anangopempha kuti ndiwawerengere manambala amene abwere pa uthenga. Pansi pa manambalawo panali Chingerezi china, koma bamboyo anati chimenecho n'cha anthu wamba. Ndinawerenga bwinobwino, ndipo anandiyamikira kuti ndimatchula manambala momveka kuposa anthu a m'tauni.

Kuyambira pamenepo Watsapu yanga yagona. Anandichenjezeratu kuti zitenga masabata awiri, ndisaigwiregwire. Ndiye mukaona kuti sindikuyankha musadabwe, akundikweza.

Mkulu wanu amene mudzamunyadire,
Joaquim

Johannesburg,
12 Malichi 2019

Achimwene,

Sindikudziwa ngati ndipereke moni kapena ndiyambe kulira. Alamu ali bwanji? Chonde, aliyense amene awerenge kalatayi andiyankhe msanga.

Chilandirireni uthenga wanu wa pa Watsapu Lachinayi lapitali, woti a Beatriz akomoka ndipo ali m'chipatala ku Blantyre, tulo sindikuona. Munati ndisaimbe chifukwa muli m'wodi. Ndinapirira tsiku limodzi, kenako ndinaimba pa nambala yanu, koma foni ndi yozima. Ndaimba mpaka mayunitsi kutha. Anzathu kuno akuti kumudzi kwagwa chimvula choopsa, milatho yakokoloka, magetsi kulibe dziko lonse. Ndiye ndikungoganiza zoipa zokhazokha.

Simunanene chimene chawagwetsa. Koma ine ndili ndi kalata yawo ya mu Disembala, ndipo chichokereni nthawi imeneyo palibe anandiuza kuti nkhani ya mtsikana wa ku Chonde inatha bwanji. Achimwene, ngati mayi uja wadzipweteka chifukwa cha inu, ndi foni imene ndinagula ine ndi manja angawa, sindidzadzikhululukira, ndipo inunso sindidzakukhululukirani.

Ndalama ya opaleshoni imene munapempha ndinatumiza pa nambala ya anamwino imene munandipatsa ija. Mutanenanso kuti pakufunika magazi ndi mankhwala ogula, ndinatumiza yotsalayo. Ndi imene ndinkasungira ulendo wa pa Pasaka. Musadandaule nazo, ulendo udzapezeka wina, munthu sapezeka wina.

Chimodzi chokha chandidabwitsa. Masiku ano mukulemba mwaukhondo, opanda cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo mukunditchula kuti "sisi." Ndinaganiza kuti mwina mavuto amaphunzitsa munthu msanga.

A Mustafa akuti ali ndi kalata yanu koma inatsala m'galimoto ina imene yaima ku Tete chifukwa cha madzi. Iyi ndapatsira mnyamata wa ku Thyolo amene akukwera basi mawa.

Muwauze alamu kuti mafuta awo aja ndinagula.

Esmeralda

Muloza,
31 Malichi 2019

Achemwali anga,

Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva. Alamu anu ali moyo, ali bwino, sanadwaleko ngakhale chimfine. Pamene ndikulemba pano ali panja akukangana ndi wogulitsa makala, ndipo akupambana. Nyumba yaima, khitchini yokha ndi imene inagwa ndi mvula.

Kalata yanu inafika Lachisanu. Ndinaiwerenga nditaimirira, ndinaimaliza nditakhala pansi. Mpaka tsiku limenelo ndinkaganiza kuti ndaona kale pamene pathera uchitsiru wanga.

Bambo waulemu wa ku Lilongwe uja sanali wa kampani iliyonse. Manambala amene ndinamuwerengera momveka bwino aja anali kiyi wa Watsapu yanga. Chingerezi cha anthu wamba chija, Mayi Janeti andimasulira, chimati usauze munthu aliyense manambalawa. Ine ndili pano kudikira kukwezedwa, magetsi atazima, foni itafa, iye anali Joaquim Khoromana. Ndipo achemwali, anali Joaquim wabwino kuposa ine. Ankayankha msanga, ankati zikomo, ankaika zithunzi za madiresi okongola amene sindikudziwa kuti anasoka ndani. Analengeza kuti chifukwa cha Pasaka mitengo yatsika, koma olipiriratu okha, pa nambala yatsopano.

Madzi ataphwa, anthu anayamba kufika. Woyamba anali mayi wa ku Luchenza.

"Ndabwera kudzatenga diresi langa."

"Diresi liti, mayi?"

Anandionetsa pa foni yake. Chithunzi changa chili pamwamba, nditavala tayi. Pansi ine ndikulonjeza, ine ndikuthokoza kuti ndalama yafika. Pofika masana pakhonde panali amayi asanu ndi mmodzi, wina atanyamula mwana, wina atanyamula mwala. A Chester anatulutsa mpando panja kuti aziona bwino. Sindikuwadandaula, inenso ndikanatero.

Favour anabwera mawa lake. Sanakalipe. Anati, "Bambo, ndalama ya nsalu za operekeza imene munati nditumize ija, inali imene amalume anagulitsira mbuzi. Ndiye ndikawauze chiyani?" Anayang'ana velo yake ili theka pa tebulo, misozi n'kuyamba kutsika. Kunena zoona mwala uja ukanandipweteka pang'ono.

Kupolisi ndinapita, analemba zonse, anati nambala ya wakubayo inazimitsidwa kale ndipo si ine woyamba. Zinanditonthoza pang'ono kumva kuti m'gulu la otsogola lija tilimo ambiri.

Madzulo ake ndinauza alamu anu kuti palibe chimene ndinadya, ndiye palibe chimene ndibweze, ndipo mwina ndikakhale kaye kwa abale ku Milange mpaka anthu aiwale. Iwo anati, "Anthu aja sanatumize ndalama kwa wakuba. Anatumiza kwa nkhope yanu. Mukawoloka boda, nkhopeyo mudzaisiya kuti?"

Ndiye njinga yanga yamoto ndagulitsa. Ndagula nsalu, ndipo aliyense amene anaonetsa uthenga ndimusokera, ngakhale madiresi a m'zithunzi za mnzanga uja ena sindikudziwa kuti amalowera kuti. Lamulungu ndinapempha akatekisiti alengeze m'tchalitchi kuti amene akulemba pa Watsapu si ine. Iwo analengeza kuti, "A Khoromana akuti si a Khoromana." Anthu anaseka mpaka kwaya inalephera kuyamba nyimbo.

Za inu ndiye ndilibe mawu. Zaka zonsezi mukugwada pa simenti ya eni, kuti mubwere mudzaone kwanu, ine n'kupereka ulendo wanu kwa munthu chifukwa ananditchula bwana. Ndidzabweza, ngakhale pang'onopang'ono. Ndayesa kukuimbirani ndi nambala yathu yatsopano koma simukuyankha. Ndikumvetsa.

Mkulu wanu pa zaka zokha,
Joaquim

Muloza,
19 Meyi 2019

Alamu anga,

Muli bwanji? Ine amene munandilipirira opaleshoni ndili bwino, ndanenepanso. Mwezi wachiwiri uno osamva mawu anu. A Mustafa akuti amakuonani mukupita kutchalitchi, ndiye tikudziwa kuti muli moyo. Ngati mwakwiya, kwiyani, koma tiyankheni.

Ndikuuzeni za ukwati. Achimwene anu anaonda. Ntchito inachuluka, masiku anachepa, miyendo inatupa ndi kupalasa makina. Sabata yomaliza zinaonekeratu kuti malaya a anyamata satha. Ine ndinawoloka msewu osawauza, n'kukagwada kwa a Chester. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi si aja amasoka ndi pa foni pomwe?" Ndinati ndi omwewo. Anaseka, anasenza makina awo pamutu n'kubwera nawo. Anasoka limodzi mpaka Lachisanu, akunyozana ngati ana. Sanalandire kanthu, anangoti akabaza ena abwerere kwa achimwene anu chifukwa zigamba zawakwana.

Favour anakwatiwa pa tsiku lake. Velo inamukhala. Pa perekaniperekani anaitana achimwene anu kutsogolo n'kuuza anthu kuti, "Awa ndi amene anaberedwa limodzi ndi ine, koma sanathawe." Bambo wamkulu analira pagulu, n'kupukuta misozi ndi tayi.

Ntchito yabwerera. Ndi nyengo ya chisankho ino, nsalu za zipani zangoti mbwee, aliyense akufuna diresi ndi malaya. Tikusokera zipani zonse. Achimwene anu anafuna kuika chithunzi cha diresi la chipani chimodzi, ine ndinawaletsa, ndinati mukatero enawo athawa, ndipo a chipani chimenecho salipira msanga.

Ndinawaletsa chifukwa foni tsopano ili ndi ine. Iwo ankafuna kuiponya mu mtsinje wa Ruo. Ndinati foni sinawerengere munthu manambala. Mayi Janeti anatithandiza kutsegula Watsapu ina, n'kuikapo nambala yachinsinsi imene ndikuidziwa ine ndekha. Amayi akatumiza miyeso ndimayankha ine, ndipo ndaona kuti m'chiuno amanama onse. Munthu asanalipire ndimamuimbira kuti amve mawu anga. Sabata yatha wina anaimba kuti ndawina feteleza. Ndinamuuza kuti abwere nayo, ndimulandira ndi tiyi.

Pakhoma paja tinafufuta. Penti inachepa, ndiye patsala mawu akuti TIMASOKA NDI. Anthu akumafunsa kuti ndi chiyani. Achimwene anu amati ndi manyazi.

Mu envelopu muno muli kangachepe koyamba. Akuti muwerengere ku ulendo.

Mlamu wanu,
Beatriz

Johannesburg,
9 Juni 2019

Achimwene ndi alamu,

Moni nonse. Ndili bwino, kuno kwazizira.

Kukwiya ndinakwiya, sindinama. Koma chimene sindinkayankhira foni si chimenecho. Ndinkaona nambala yachilendo ya ku Malawi ikuimba, pa chithunzi pali a Beatriz, ine n'kumati akuba aja abweranso. Tsiku lina ndinayankha n'kutukwana osadikira moni, n'kudula. Alamu, ngati munali inu, pepani. Mawu amene aja sindinawaphunzire kwathu.

Kalata yanu ya Watsapu ya mabwana ija, achimwene, inandipeza mochedwa, tsiku limodzi ndi ya pa 31 Malichi. Ndinayamba ndi yakaleyo. Ndikuwerenga ndinkakuwa ndekha m'chipinda kuti musawerenge manambalawo, ngati mukundimva. Ndinakonzeka kukulemberani kuti ndinu mbuli ya kumudzi. Kenako ndinakumbukira kuti ine wa ku Joni, wodziwa zinthu, amene ndinakuphunzitsani za makono, ndinatumiza ndalama kawiri kwa munthu wonditchula sisi. Inu anakunamizani kamodzi. Tisauze anthu kuti tinabadwa mimba imodzi.

Nditawerenga kuti alamu ali panja akukangana ndi wamakala, choyamba chimene ndinamva ndi mkwiyo, kuti ndalama yonse ija munthu osadwala n'komwe. Kenako ndinakhala pansi pa bafa la abwana n'kulira mpaka madamu anagogoda.

Envelopu ndalandira, koma musatumizenso. Mangani kaye khitchini. Ndapeza ntchito ina ya Loweruka, ndipo a Mustafa akuti mu Disembala adzandinyamula kutsogolo pa mtengo wa katundu.

M'phukusili muli tchaja, mafuta a m'botolo lachikasu, ndi nsalu yakuda. Za nsaluyo ndinene zoona. Ndinaigula sabata ija foni inali yozima, kuti ndidzavale pa maliro anu, alamu. Ndinasankha yodula, ndinati mayi uja anavutika, ndimulire mwaulemu. Kusitolo akukana kuilandiranso, ndipo ine sindingathe kuiyang'ana. Ndi nsalu yabwino, siichoka mtundu. Achimwene akusokereni siketi, muike ndi bulauzi yowala pamwamba, mudzavale podzandichingamira pa Limbuli. Ndikufuna ndidzaione ikuyenda.

Ndine wanu,
Esmeralda